Malonda a Masupuni ndi Njonda Yosathamanga

Ndinakulira m'misika ya ku Lilongwe, ndipo pa nkhani yonenerera ndinkadziyesa mphunzitsi wa aphunzitsi. Ndagulitsapo kaunjika, mabatire a foni, ngakhale nsapato ziwiri zosiyana saizi kwa munthu amene anachoka akundithokoza. Ndiye mungaganize kuti wondigonjetsa pamalonda anali venda mnzanga wa pa depoti. Ayi ndithu. Anali mayi wachingerezi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wosaona bwino, wa mano ogula, m'nyumba yosungira okalamba kufupi ndi doko la Fremantle, ku Perth, m'dziko la Australia.

Ku Perth ndinabwera ngati katundu wa mkazi wanga. Iye ndi nesi, viza inali yake, ine ndinalembedwa m'munsi pamodzi ndi ana. Nditapeza kuti kuno ukanenerera mushopu amakuyang'ana ngati wayamba misala, ndinachita kakosi kosamalira okalamba. Ntchito yake ndi kusambitsa, kuveka, kudyetsa ndi kumwetulira. Korona atafika, kumwetulira kunalowa pansi pa masiki, ndipo ndinapumako mbali imeneyo.

Mayi aja ndinkawatchula kuti adona, momwe ankanenera agogo anga aamuna amene ankaphika m'nyumba za azungu. Chipinda chawo chinali ndi mpando umodzi wautali pawindo, kanema, ndi katoni ya zimbale za mafilimu. Mafilimu onsewo anali a munthu mmodzi, njonda ina ya ku Mangalande imene inatchuka kanema asanakhale ndi mitundu. Mwana wawo wamkazi ankabwera Lamulungu lililonse, n'kuika chimbale, n'kumawauza zimene zikuoneka, poti maso awo ankangoona mithunzi. Ndiye mwanayo anapita ku Mangalande kumaliro a apongozi ake, akuti masabata awiri okha. Ali komweko malire anatsekedwa. Masabata awiri aja anasanduka miyezi, ndipo adona anasiya kudya.

Sanachite kulengeza sitalaka. Supuni ikamabwera ankangotembenukira kukhoma. Lachisanu lililonse ankayezedwa pa sikelo, ndipo sikelo inkangotsika. Nesi wamkulu ananena mosabisa kuti zikapitirira apita nawo kuchipatala, akawaike kachubu ka chakudya m'mphuno. Adona anayankha kuti mwana wawo anawasiya pampando uja ndipo adzawapeza pampando womwewo. Kuchipatala sakufuna, kudya sakufunanso. Makasitomala otere ndinawazolowera: nsapato akuifuna, koma m'thumba sakufuna kupisamo.

Tsono ine ndinali ndi luso lina limene sindinalilembe pa fomu yofunsira ntchito. Ndili mnyamata ndinkamasulira mafilimu mu vidiyo sho ku Kawale. Kanali kachisakasa ka makatoni ndi masaka, mabenchi a timatabwa, jenereta kunja, sipika pamtengo. Filimu ikamaonetsedwa, ine ndinkagwira maikolofoni n'kumauza anthu m'Chichewa zimene azungu ndi Matchaina akunena. Chingerezi changa nthawi imeneyo chinkathera pa moni, Chitchaina ndiye musafunse, koma palibe anadandaulapo. Wina akamenya mnzake ndinkati anamubera mbuzi. Wina akalira ndinkati alamu ake amulanda munda. Bwana wanga anali ndi lamulo limodzi: usakhale chete. Ukangokhala chete anthu amayamba kumva kutentha ndi nsikidzi za m'mabenchi.

Tsiku lina masana ndinalowa kwa adona ndi mbale ya phala. Tinkalankhula Chingerezi, koma ndizilemba momwe zinkamvekera m'mutu mwanga.

"Adona, ndamva kuti mukusowa wokuuzani za pakanema. Ntchito imeneyo ine ndinaigwira zaka zinayi."

"Ukufuna chiyani?" anafunsa, osatembenuka.

Ndinawakonda pomwepo. Kasitomala wodziwa kuti chaulere kulibe sataya nthawi ya munthu.

"Masupuni asanu a phala pa chigawo chilichonse cha filimu."

"Imodzi."

"Mundiphetsa kwa nesi wamkulu. Anayi."

"Imodzi, ndipo usamapumire pafupi ndi khutu langa."

Ndinachita zimene timachita pamsika. Ndinanyamula mbale, ndinapukusa mutu mokhumudwa kwa munthu wosaona, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kuchitseko kuti andiitane. Ndinafika pachitseko. Ndinatsegula. Ndinatuluka, n'kuima pakhonde ngati mlonda. Palibe anandiitana. Ndinabwerera ndekha.

"Awiri," ndinatero.

"Awiri," anavomera. "Unachedwa kunjako."

Ndinaika chimbale chimene anatchula. Panatuluka njonda ija, suti yosita, tsitsi lonyezimira ngati lanyambitidwa ndi ng'ombe. Inalowa m'chipinda, inapita pawindo, inaima. Ndinadikira kuti wina athyole chitseko. Palibe. Ndinadikira mfuti. Palibe. Munthu wangoima, vayolini ikulira, ndipo ine ndinayamba kumva nsikidzi za ku Kawale zikundiyenda kumsana.

"Apa mkuluyu wakwiya kwambiri," ndinayamba. "Akusuzumira panja kuona ngati adani afika. M'thumba la jekete muli mpeni."

"Pitiriza," anatero adona.

Ndinapitiriza, ndipo luso lonse lakale linabwerera. Pofika kumapeto a chigawo ndinali nditabisa amuna atatu kuseri kwa katani ndi mtembo umodzi pansi pa tebulo. Ndinatunga phala monyadira.

"Wabodza iwe," anatero modekha. "Waima pawindo, kudzanja lamanja wagwira kalata ya mchemwali wake, ndipo pompano akweza nsidze ya kumanzere."

Ndinayang'ana pakanema. Nsidze ya kumanzere inakwera.

Mafilimuwo ankawadziwa pamtima, mpaka malo amene munthu atsokomole. Anaika lamulo latsopano pomwepo: bodza limodzi, supuni imodzi yachoka. Tsiku limenelo phala linabwerera kukhitchini lonse, lozizira.

Kunyumba ndinalakwitsa kufotokozera mkazi wanga.

"Ndiye mwapita kukanamiza nkhalamba yosaona, n'kukugwirani?" anatero akuvula nsapato za kuntchito.

"Amayi, amene aja si munthu wamba."

"Munthu wamba ndinu, bambo. Ana a ku Kawale ankakumverani chifukwa analibe kwina kopita. Si inu mumati munthu asagulitse katundu amene sanamumasule? Kaonereni kaye."

Zinandipweteka chifukwa anali mawu anga omwe. Ndinapempha adona kuti ndizibwereka zimbale ziwiriziwiri, ndipo masiku opuma ndinkakhala pabalaza kuonera. Ana ankasuzumira, n'kufunsa m'Chingerezi chawo cha m'mphuno ngati kanema wawonongeka, poti mitundu yathawa.

Umu ndi momwe ndinaidziwira ntchito ya njonda ija, kuyambira pachiyambi. Mkuluyu anayamba ali kamnyamata kowonda, ndipo udindo wake unali kulowa, kupereka uthenga kwa kaputeni, n'kufa filimu isanapite patali. Ankafa mwaulemu, osadetsa kolala. Eni mafilimu ataona kuti amafa bwino anamukweza kuti akhale kaputeni iyeyo, azituma anzake kukafa. Nkhondo yonse anaimenya ataima chilili, kapu ya tiyi kumanja, mabomba akugwa kumbuyo, iye n'kumafunsa ngati shuga alipo. Kenako zinabwera zaka zachikondi, ndipo apa ndinatsala pang'ono kubweza zimbale. Munthu akufuna mkazi kwa ola ndi theka, chachikulu chimene wachita ndi kumuyatsira ndudu ndi kumugwirira chikhoti. Anapitako ku Amereka, komwe anamuveka zovala za mafumu akale n'kumupatsa lupanga limene sanalisolole ndi kamodzi komwe. Atabwerera kwawo, tsitsi litayamba kuyera m'mbali, anakhala dokotala, kenako loya, kenako jaji, kenako bambo wa mtsikana amene mnyamata wina akumufuna. M'mafilimu onsewo sindinamuonepo akuthamanga. Kaya nyumba ikupsa, kaya apolisi ali pambuyo, iye amayenda, n'kuimanso kuti atole chipewa. Ndikanaonetsa zimenezi ku Kawale, mabenchi akanathera pamutu panga. Chida chake chonse chinali nsidze ija. Ena amamenya kiki, iye amakweza nsidze, mdani n'kuulula yekha.

Ndinabwerera kwa adona ndili munthu woona mtima, chinthu chimene sichinandikhale bwino. Ndinkanena zoona zokhazokha. Wavula chipewa. Wakhala pansi. Wayang'ana wotchi. Iwo ankameza masupuni awo awiri ngati mapiritsi, osaonjezera ngakhale kadontho. Sikelo inasiya kuthamanga koma sinasiye kutsika.

Zinasintha mwangozi. Tinali pa filimu ina imene mkuluyu akuperekeza mkazi padoko kuti akakwatiwe ndi mnzake wa kunkhondo. Akumupatsa maluwa, akumufunira ulendo wabwino, sitima ikulira. Ndinalephera kupirira.

"Kwathu munthu ameneyu ankhoswe akanamukhazika pansi," ndinatero. "Mwana wa eni mwamuyendetsa chaka chathunthu, lero mukumukweza sitima ngati thumba la mtedza?"

Adona anadzuka pamtsamiro.

"Ukudziwa chiyani iwe za ulemu? Mnzakeyo anamupulumutsa kunkhondo."

"Ndiye akanamugulira njinga. Mkazi sathokozera."

"Akudzimana, chitsiru iwe. Tamvera mawu akewo."

"Ndikumva munthu woopa apongozi."

Anakalipa mphindi khumi. Anandiuza kuti filimu imeneyo anaionera koyamba ali mtsikana, kutatsala sabata kuti akwere sitima yobwera ku Fremantle ndi mwamuna amene anali naye miyezi itatu yokha m'banja, ndipo analira kuyambira pakhomo la holo mpaka kunyumba. Pakati pa chiganizo ndi chiganizo pakamwa pankatseguka, ine n'kumalowetsa supuni. Atamaliza kunditukwana mbale inali yoyera.

Ndinatuluka ndikudzimenya pachipumi. Masabata onsewo ndinkagulitsa katundu wolakwika. Filimu anali nayo kale m'mutu. Chimene ankasowa chinali munthu wolimbana naye, ndipo zikuoneka kuti mwana wawo uja ntchito imeneyo ankaigwira bwino.

Mawa lake ndinasintha mtengo.

"Kuyambira lero kuonera n'kwaulere, adona. Koma mukafuna kundikonza, ndi masupuni atatu."

"Awiri."

Ndinayang'ana kuchitseko, ndinakumbukira khonde lija, n'kuvomera.

Miyezi yotsatira inali ya ulemerero wanga. Ndinkanama ndi chilolezo, m'nthawi ya ntchito, boma la Australia likudziwa kuti ndikusamalira okalamba. Njonda ikakhala jaji, ndinkati yalandira nkhuku kwa woimbidwa mlandu. Ikakhala dokotala, ndinkati mapepala inagula. Ikakweza nsidze ya kumanzere, ndinkati ya kumanja. Adona ankayesa kupirira, kenako n'kunena mokwiya kuti bweretsa supuniyo, n'kumeza kawiri, n'kundiwongola. Sikelo inaima. Nesi wamkulu anandifunsa chinsinsi changa, ndinamuuza kuti ndi kuleza mtima.

Koma katoni ili ndi pothera. Tinaizungulira kawiri, mabodza anga anayamba kubwerezeka, ndipo adona anayamba kungoti limenelo unanena kale, osatsegula pakamwa. Kenako anadwala chimfine. Sichinali korona, koma anawatsekera m'chipinda masiku asanu, ine n'kumalowa nditavala pulasitiki thupi lonse ngati nkhuku ya mufiriji. Kudya kunathanso. Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti mwana wawo wapeza malo m'ndege, koma akafika akhala kaye m'bindikiro masabata awiri m'hotela m'tauni. Nesi wamkulu anati sikelo ya Lachisanu ikatsikanso, adona apita kuchipatala, mwana ali m'njira kapena ayi. Ndinafunsa ngati tingawayeze atavala juzi yawo yokhuthala, ya matumba akuluakulu, poti kukuzizira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti adzayezedwa ndi chovala chogonera, ndipo iyeyo adzakhalapo.

Pansi penipeni pa katoni panali chimbale chimodzi chosamatula, chikadali m'pulasitiki yake. Ndinachiona kalekale koma adona ankati ndichisiye. Inali filimu yomaliza ya njonda ija, mphatso yochokera kwa mwana wawo zaka zambiri zapitazo. Linali Lachiwiri masana pamene ndinachitulutsa. Katundu wina ndinalibe.

"Bwezera," anatero atamva pulasitiki ikulira. "Sindikufuna kumuona atakalamba."

"Simumuona, adona. Maso mulibe."

Ndinaganiza kuti ndapitirira malire. Koma iwo anaseka kuseka kouma.

"Vuto lake ndi limenelo. Iyi sindikuidziwa. Ndidalira iwe, wabodza wa dziko lonse."

"Mbale yathunthu chakudya chilichonse mpaka Lachisanu."

"Mbale yathunthu lero lokha. Ndipo unene zoona. Ukanama ndidziwa."

"Mudziwa bwanji?"

"Ukamanama umathamanga."

Filimuyo inali ya mitundu. Galimoto zikuphulika, anyamata akudumpha m'madenga, kiki pano kiki apo. Kwa nthawi yoyamba m'chipinda chimenecho ndinali kwathu. Ndinafotokoza zonse moona, ndipo zoona zake zinali zokoma kuposa mabodza anga. Adona sanasamale. Ankangofunsa kuti walowa kodi, ine n'kumati sanalowe.

Analowa filimu itapitirira theka. Kunena zoona sanalowe, anamulowetsa, pa njinga ya olumala, ngati agogo a mtsikana wa m'filimumo. Nkhope yotupa, wigi yokhala chammbali, bulangeti pamiyendo. Anamupatsa kapu ya tiyi, ndipo kapuyo inkagunda kambale kake. Ndinali ndi kasitomala amene sakanatha kundigwira, filimu imene sankaidziwa, ndi mabodza okwana thumba. Ndinatsegula pakamwa pansi pa masiki, osatuluka kanthu. Bwana wanga wa ku Kawale akanandichotsa ntchito pomwepo.

"Wakhala chete iwe," anatero adona. "Ndiye kuti zafika poipa."

"Wakalamba, adona. Ali pa njinga. Tsitsi si lake. Chikulirachi ndi kapu, dzanja likunjenjemera."

"Tayi?"

"Wamanga bwino. Kolala yoyera."

Anagwedeza mutu. Pakanema mnyamata wa m'filimu ankalankhula mwachipongwe kwa nkhalambayo, ndipo inamuyang'ana.

"Nsidze?"

Nkhope ija inali itauma mbali imodzi. Sipanasunthe kanthu.

"Yakwera," ndinatero, pang'onopang'ono momwe ndikanathera. "Ya kumanzere."

Patapita mphindi zisanu anamukankhira mkuluyu kunja ndipo sanaonekenso. Adona anati ndizimitse, ndibweretse chakudya. Anadya theka la mbale, n'kutseka pakamwa.

"Tinagwirizana mbale yathunthu."

"Tinagwirizana filimu. Wandipatsa mphindi zisanu."

Ndinadandaula, ndinatchula ana anga, ndinatchula nesi wamkulu. Anati madzulo ndidzaikenso pomwe akulowa paja, adzamaliza theka linalo. Ndipo zinakhala choncho mpaka Lachisanu: mphindi zisanu zomwezo, katatu patsiku, ulendo uliwonse funso latsopano. Bulangeti ndi la mtundu wanji. Wavala mphete kodi. Nsapato zapolishidwa. Ankadya theka, nthawi zina kupitirirako pang'ono ndikanena kuti mnyamata wa makiki uja ndi katswiri kuposa njonda yawo. Za nsidze sanafunsenso.

Lachisanu nesi wamkulu anawaimika pa sikelo yekha, ine ndili pambali manja kumbuyo kuti aone kuti sindikugwira kanthu. Sinakwere, koma sinatsike. Anatipatsa sabata ina, kenako inanso.

Mwana wawo anafika Lamulungu masana, mayi wa imvi zake kale, masiki kumaso, maso ofiira ndi masabata awiri a m'hotela. Anawapeza pampando uja pawindo. Ndinawasiya okha, poti zina si za antchito. Nditabwera ndi phala la kasitadi, ndinapeza ayika chimbale chomaliza chija, pamalo pomwe paja. Ndinaima pachitseko.

"Tandiuza iwe," adona ankauza mwana wawo, "nsidze yakwera?"

Mwanayo anayang'ana kanema, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kasitadi.

"Yakwera, amayi," anayankha msangamsanga.

"Uyu amathamanga," anatero adona, "ndipo uyo ali pachitsekoyo anayesa kuyenda pang'onopang'ono ngati sindimudziwa. Sinakwere. Ndinamva mawu ake, mbali imodzi ya kamwa sikugwira. Nonse ndinu abodza."

Ndinayandikira ndi mbale.

"Mwandikonza, adona. Ndi masupuni awiri."

"Imodzi. Bodzalo munagawana awiri."

Ndinayang'ana mwana wawo kuti andithandize, koma iye anali akuseka m'masiki, misozi ikunyowetsa nsalu. Ndinatunga imodzi, yodzaza mpaka kutayikira m'mbali, ndipo adona, amene ankati saona, anandiuza kuti ndichepetseko.